Tsiku Limene Ndinapalira Munda wa Amayi ndi Petulo

Mukulimva phokosolo kuseri kwa mpandawo? Ndi makina otchetchera kapinga amenewo. Inu mukungomva phokoso chabe, koma ine ndikawamva, phewa lakumanjali limayamba kuwawa lokha. Basiyi sifika msanga, ndimaidziwa bwino, ndiye senderani kuno ndikuuzeni mmene makina ngati amenewo anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito, chaka chimene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba.

Ine ndine Bauleni. Ndinabadwira konkuno, pamene lero mukuti Area 11. Nthawi imeneyo malowa analibe nambala, panali minda ndi mbuzi basi. Zitamveka kuti likulu likubwera ku Lilongwe, mudzi wathu unasamuka, tinakamanga kutali chakumpoto uko, ndipo pamene panali minda panamera nyumba za mabwana. Ine ndinali nditangokwatira kumene. Mkazi wanga Naphiri anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kumudzi kwatsopanoko chipatala chinali ulendo wa tsiku lathunthu pangolo ya ng'ombe. Zimenezi zinkandisowetsa mtendere, ndiye ndinayamba kuyenda geti ndi geti kufunsira ntchito.

Geti limene linanditsegukira linali la a Chikaonda, bwana wa muunduna wina, amene anali atangofika ndi lole ya katundu kuchokera ku Zomba. Nditangolowa ndinati kakasi. Pakona ya mpanda panali mtengo wa mango wopindika umene anabzala malemu bambo anga. Inu, tamverani, nyumba ya bwanayo inakhala pakatikati pa munda wa amayi anga. Ndinangovula chipewa n'kupereka moni.

A Chikaonda anandifunsa ngati ndimadziwa makina. Ndinati ndagwirapo pachigayo ku Lumbadzi zaka ziwiri. Silinali bodza kwenikweni. Ndinagwiradi pachigayopo, kungoti ntchito yanga inali yotunga madzi othira mumgolo woziziritsa injini, ndipo injiniyo ndinkaionera patali. Koma bwana sanafunse zimenezo, ndipo ine sindinafune kuwatayitsa nthawi. Anati andiyesa mwezi umodzi. Ndikachita bwino andipatsa kiyi wa kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba, ndibwere ndi mkazi wanga. Ndikalephera aitanitsa Lemson, amene ankawasamalira pabwalo ku Zomba. Kachipindako ndinakasuzumira pazenera. Pansi simenti, mpope pakhomo, chipatala ulendo wa ola limodzi. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga unkagona mmenemo, ngakhale thupi linkabwerera kumudzi wapansi madzulo alionse.

Ntchito yoyamba imene anandipatsa inali kubzala kapinga. Abale anga, kapinga! Amayi anga anathera msana pamunda womwewo kulimbana ndi kapinga. Ankamuzula, kumuyanika pachulu, kumutentha, kumutukwana mpaka makolo ake, mvula ikagwa iye n'kudzuka ngati palibe chachitika. Tsopano mwana wawo walembedwa ntchito yomubzala, m'mizere, moyeza ndi chingwe, n'kumamuthirira madzi apampope m'mawa ndi madzulo. Nditawauza amayi kumudzi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati bwanayo ali bwinobwino m'mutu.

Kapingayo anali asanagwire n'komwe. Unali mwezi wa Okutobala, dothi lofiira louma, timasamba tobiriwira apa ndi apo. Panalibe choti munthu n'kutchetcha. Koma vuto linali tsidya lina la msewu. Kumeneko kunkakhala a Zikhale, mkulu wa a Chikaonda kuofesi, ndipo Loweruka lililonse m'mawa makina awo ankalira. Nawonso kapinga wawo anali wongoyerekeza, koma makina ankalira basi. Ku Area 11 masiku amenewo munthu ankadziwika ndi phokoso la Loweruka. Nyumba ikakhala chete, anthu ankati mwiniwake sanazolowere likulu. Ndiye a Chikaonda ankakhala pakhonde, nyuzipepala m'manja, khutu lili tsidya lina la msewu, nkhope ikunka niida.

Loweruka lachiwiri analephera kupirira. Anandiitanira m'galaja n'kuvundukula chiguduli. Pansi pake panali makina obiriwira a mawilo anayi, injini pamwamba, chingwe chokoka pambali. Anati anawagula kwa mzungu amene ankabwerera kwawo, ndipo ku Zomba ankalira ukangokoka kamodzi. Anandilamula kuti ndiwapukute bwinobwino, Lolemba akaweruka tidzawayese.

Powapukuta ndinaona kuti chitsekerero cha thanki ya petulo chili ndi kabowo pakati, kakang'ono ngati kobaya ndi singano. Nditaika mphuno, fungo la petulo linkatuluka ndithu. Ndinati mumtima, lole ija yawapweteka makinawa panjira. Kwathu ndowa ikabooka sitiitaya, timaimata ndi phula. Komanso adona, mayi Chikaonda, anali atandichenjeza kale kuti petulo ndi wodula, asamanunkhe chisawawa. Lolemba m'mawa ndinabwera ndi phula la njuchi kuchokera kumudzi, ndinalifewetsa padzuwa, n'kumata kabowo kaja cham'kati, kusalaza ndi chala. Inali ntchito yaukhondo, yosaoneka kunja. Sindinauze munthu aliyense. Ndinkafuna kuti kumapeto kwa mwezi ndidzawaonetse bwana, adziwe kuti analemba munthu wamaso.

Madzulo ake bwana anavula jekete, anatsegula thanki, anathira petulo n'kutseka. Anakoka chingwe kamodzi, makina analira. Nkhope yawo inawala, anatembenuka kuyang'ana kwa a Zikhale. Ine ndinagwira zogwirira n'kuyamba kukankha. Nditazungulira kawiri makina anayamba kutsokomola, anagwedezeka pang'ono, kenako zii. Ndinakoka chingwe. Ndinakokanso. Ndinakoka mpaka dzuwa kufiira, bwana ataima pambali manja ali m'chiuno.

"Kuchigayo kuja zikatere munkatani?"

"Tinkaisiya injini ipume, bwana."

"Ipume. Koma Loweruka la kumapeto kwa mwezi a Zikhale ndi akazi awo akubwera kudzamwa tiyi. Akadzapeza makinawa ali chete, Lolemba lake ndikutumiza telegalamu kwa Lemson."

Apo ndiye ndinayamba unamakaniko. Ndinafunsa anzanga osamalira pabwalo m'nyumba zoyandikana, aliyense anali ndi nzeru yake. Wina anati ndi pulagi, kachitsulo kothetheka moto m'injini. Ndinaimasula, kuikwecha ndi mchenga, kuiwotcha pambaula, kuibwezera ikutentha mpaka chala changa kutuwa. Wina anati ndi kasiponji kosefa mpweya. Ndinakachapa ndi sopo wochapira mbale n'kukayanika pawaya pakati pa malaya a bwana. Wina anati makina otere amafuna kuwakoka mokwiya. Ndinakoka mokwiya, chingwe chinaduka, ine n'kukagwera chagada m'ngalande. Chingwecho ndinachilumikiza ndi mfundo. Zonsezi zinkachitika a Evelesi akuonerera. A Evelesi anali mayi wophika amene anabwera ndi banjalo kuchokera ku Zomba, munthu wachikulire wosakonda kuyankhula. Ankangoima pazenera lakukhitchini akupukuta mbale imodzimodziyo.

Bwana nawo anali ndi maganizo awo. Anati makinawa anazolowera kuzizira kwa kuphiri, ku Lilongwe kuno akuphikika ndi dzuwa. Chilichonse chikavuta panyumba paja, mlandu unali wa Lilongwe. Buledi akauma, Lilongwe. Wailesi ikalira mokanda, Lilongwe. Ndiye anandilamula kuti ndiziwafunditsa chiguduli chonyowa ndi kuwaika pamthunzi wa mango. Ine ndinkathirira kapinga kawiri patsiku, makina katatu. Sanasinthe, kungoti anayamba dzimbiri.

Tsono muone chimene chinkandizunguza mutu. Aliyense wobwera kudzathandiza ankayamba ndi kutsegula thanki kuti aone ngati muli petulo. Akatseka n'kuchita zakezo, makina ankalira bwinobwino. Iye n'kupukuta manja, kulandira zikomo, kutuluka pageti akudzimva. Akangokhota pakona, makina zii, ndipo wotsala nawo ndinali ine. Mbiri inafalikira mumsewu wonse kuti makina a kwa Chikaonda alibe vuto, vuto ndi dzanja la Bauleni.

Sabata yomaliza bwana ananditumiza ku Old Town kwa a Yunusu, amene ankakonza njinga, mawailesi ndi mbaula za palafini kuseri kwa msika. Galimoto anakaniza, ati munganunkhe petulo. Ndiye ndinawakankha makinawo wapansi kuchokera ku Area 11, kudutsa City Centre kumene nthawi imeneyo kunali fumbi ndi nyumba zosatha kumanga, kutsetsereka mpaka pamlatho wa Lilongwe. Amayi ena panjira anandifunsa ngati ndikugulitsa kanthu mmenemo. Bambo wina wapanjinga anandilondola mtunda wonse kufuna kudziwa kuti pokhala pali pati.

A Yunusu anaika chingwe chatsopano. Kenako anatsegula thanki, ananunkhiza, anati petulo ndi wabwino, n'kutseka. Anamasula pulagi ija, anaiyang'ana padzuwa, anaiuzira kamodzi n'kuibwezera. Atangokoka, makina analira mpaka nkhuku zapamsika kubalalika. Mphepo yake inaulutsa chipewa changa, ndinachithamangira, ndipo mmene ndinkabwerera a Yunusu anali atawazimitsa kale. Mukumbukire pamenepa, chifukwa chipewa chimenechi chinandipweteka. Anandisisita paphewa n'kunena kuti makinawa alibe matenda, amangofuna munthu wowadziwa. Ndinawakankhanso kukwera chitunda chonse chija. Madzulo pamaso pa bwana analira, ndinazungulira kawiri, zii.

Lachinayi a Zikhale eniake anawoloka msewu. Anati akhala akumva kutsokomola sabata ziwiri, ndiye abwera kudzazonda wodwala. A Chikaonda anachita manyazi mpaka kusowa poika manja. A Zikhale anatsegula thanki, anasuzumira, anatseka. Anazungulira makinawo manja ali kumbuyo ngati akuyendera ofesi, kenako anagamula kuti vuto ndi msinkhu. Ati makinawa aima motalika kwambiri, akumeza mphepo kunsi. Anandilozera kuti nditsitse mawilo onse anayi mpaka pamalire, mpeni wozungulira wa kunsi kwa makinawo utsale pang'ono kukhudza dothi.

"Inenso ndimaganiza zomwezo, bwana," anatero a Chikaonda, amene sabata ziwiri zonse ankati ndi dzuwa.

Ndinakoka, makina analira. A Zikhale anagwedeza mutu, anawoloka msewu, ndipo mmene ankatseka geti lawo makina anali atafa kale. Ndinapempha kuti ndikwezenso mawilo chifukwa kukankha kunkachita kupala pansi. Bwana anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati amene watsitsa mawilowo ndi mkulu wawo, ndipo kuwakweza n'chimodzimodzi kumutsutsa. Anawalowetsa m'galaja, anakhoma, kiyi n'kuika m'thumba.

Lachisanu masana ndinakhala pakhomo lakukhitchini mutu uli m'manja. Kunena zoona ndinali ndi mantha. Ndinkaganiza za Naphiri, mmene ndikamuuzire kuti kachipinda kaja kapita, kuti tsiku lake likadzafika tidzamunyamula pangolo ulendo wa tsiku lonse. A Evelesi ankakonza makeke a alendo. Anatenga chitini cha mkaka, anabwera nacho pamene ndinakhalapo, anachiboola kamodzi ndi mpeni n'kuchipendeka pambale. Panagwa madontho awiri, basi mkaka unaima. Anachigwira choncho nthawi yaitali akundiyang'ana. Kenako anaboola kabowo kachiwiri mbali inayo, mkaka unayamba kutsika bwinobwino.

"Chitini chimafuna kupuma, achimwene," anatero.

Inu, apo m'pamene ndinazindikira. Kabowo kaja sinali ngozi ya lole ayi, kanali mphuno ya thanki. Ine ndinatseka mphuno ya makina ndi phula n'kumadabwa kuti akukomoka bwanji. Aliyense wotsegula thanki ankawapatsa mpweya wa mphindi ziwiri, n'kumapita akudzitama.

"Munadziwa liti, mayi?"

"Tsiku limene munabwera ndi phula. Zenera ili limaona m'galaja."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Amuna msewu wonse mwazungulira makinawo sabata ziwiri. Alipo anandifunsa?"

Munthu wanzeru akanadikira bwana madzulo, kugwada, n'kuulula. Koma ine ndinaona mwayi. Ndinati mawa, pamaso pa alendo, ndidzachiritsa makina amene alephera a Yunusu, alephera a Zikhale, alephera msewu wonse. Ulendo wakumudzi tsiku limenelo ndinayenda ndikuimba mluzu.

Loweruka cha m'ma teni koloko tebulo linaikidwa pansi pa mango a bambo anga. Nsalu yoyera, makapu amaluwa ochokera ku Zomba, makeke a Evelesi. Mayi Zikhale anavala diresi loyera, amuna awo suti yotuwa. M'mbali mwa khonde munali maluwa a rozi amene adona anabwera nawo m'zitini kuchokera ku Zomba, ndipo ankawawerenga m'mawa uliwonse ngati ana. Bwana anatulutsa makina, anathira petulo mpaka pakamwa pa thanki poganiza kuti mwina akachuluka alira nthawi yaitaliko. Anandinong'oneza kuti akangoyamba kutsokomola ndiwakankhire msanga kuseri kwa nyumba, alendo aziganiza kuti ndamaliza.

Ine ndinati, pepani bwana, mundilole ndiwamvere kaye. Ndinagwada, kuika khutu painjini, kugogoda ndi sipanala katatu, kugwedeza mutu ngati dokotala. Ndinamasula chitsekerero, kutembenukira kumpanda, n'kutokosa phula lija ndi munga. Linatuluka ngati kampira kakang'ono. Nthawi yomweyo ndinamva nsapato za a Zikhale kumbuyo kwanga, akubwera kudzaona ngati mawilo awo sanakhudzidwe. Posowa pobisa, phulalo ndinaliponya m'kamwa. Ndinatseka thanki, kulavulira m'manja chamumtima chifukwa pakamwa panali podzaza, n'kukoka.

Analira. Ndinazungulira kawiri, akulirabe. Katatu, akulirabe, ndiponso mawu ake akunka nakula. Sindinamvepo kukoma kotero chibadwire. Ndinayang'ana kachipinda kaja n'kuona m'maganizo mwanga Naphiri atakhala pakhomo. Bwana anaimirira kapu ili m'manja, chifuwa patsogolo, akuyang'ana nyumba zonse zamumsewu kuti zimve.

Kenako ndinacheuka kuti ndione ntchito yanga. Paja mawilo anali pansi. Mpeni uja sunkatchetcha ayi, unkalima. Kapinga wanga wosagwira uja ankazuka ndi mizu yomwe n'kuulukira m'mwamba, ndipo kumbuyo kwanga kunkatsala msewu wofiira wosalala. Fumbi linanyamuka ngati kamvuluvulu, mphepo n'kulitengera molunjika patebulo. Ndinaona bwana akukupiza dzanja. Ndinayesa akundilimbikitsa, ndinawonjezera liwiro. Nditadutsa pafupi m'pamene ndinamva kuti akuti zimitsa.

Apa ndiye pagona nkhani, abale anga. Sabata ziwiri zonse zija makinawo ankazima okha. Ine sindinawazimitsepo ndi kamodzi komwe, ndipo tsiku limodzi lokha limene munthu anawazimitsa pamaso panga, ine ndinali kuthamangitsa chipewa. Ndinayesa kuima. Ataima malo amodzi anayamba kukumba dzenje, timiyala tikuwomba chitseko cha galimoto ya bwana. Ndinayambanso kuyenda. Ndinakumbukira phula, kuti ndimatenso kabowo kaja akomoke ngati kale. Ndinafufuza ndi lilime, mulibe. Ndinali nditalimeza pa bampu yoyamba. Ndinayesa kutseka kabowoko ndi chala, koma kukankha ndi dzanja limodzi makina anakhota okha n'kulowa mumzere wa maluwa a adona, kuyambira loyamba mpaka lomaliza.

Bwana anayamba kuthamanga pambali panga, tayi ili paphewa.

"Zimitsa, Bauleni."

"Pozimitsira ndi pati, bwana?"

"Ukufunsa ine? Wa kuchigayo ndi ndani?"

"Makinawa ndi anu, bwana."

"Ankazimitsa ndi Lemson."

Anatembenukira kwa a Zikhale, mwini makina olira Loweruka lililonse. A Zikhale anali ataima kuseri kwa mtengo, mpango uli pamphuno, akulamula ndi dzanja kuti ndikhotere kumanzere, kenako kumanja. Nawonso sankadziwa. Makina awo ankaliza ndi wantchito, iwo ntchito yawo inali kumvetsera ali pakhonde. Ndiye tinazungulira bwalo lonse, ine patsogolo, bwana pambali, thanki yodzaza mpaka pakamwa. Kumene ndadutsa kale fumbi linkachuluka, choncho ndinkasankha kumene kwatsala kobiriwira, mpaka kobiriwirako kunatha. Anthu anadzaza pageti, alonda, ophika, ngakhale amene anandiuza za kukoka mokwiya uja.

A Evelesi anatuluka kukhitchini atanyamula thireyi ya tiyi wachiwiri. Anayenda osafulumira, anaima panjira yanga, ndipo nditafika pafupi anatambasula mwendo n'kukanikiza ndi patapata kachitsulo kopindika kamene kanali pambali pa pulagi. Makina zii. Tiyi sanatayike ndi dontho lomwe.

Kunali chete woti mbalame zinkamveka ku Capital Hill. Diresi la mayi Zikhale linali lofiira, makeke ofiira, nsidze za aliyense zofiira. Bwana, akupuma mwabefu, anafunsa a Evelesi chifukwa chake sananene msanga. Iwo anayankha mwaulemu kuti palibe anawafunsa, n'kuika thireyi patebulo.

Ine ndinavula chipewa n'kuima mutu uli pansi, kudikira kuti anditchulire telegalamu ya Lemson. Onse anayang'ana a Zikhale, poti wamkulu ndiye amayamba. A Zikhale anayang'ana bwalo, anayang'ana mawilo, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akumbukira amene analamula kuti atsitsidwe. Kudzudzula bwalolo kukanakhala kudzidzudzula okha. Anasasa fumbi pasuti, anatsokomola, n'kunena kuti injiniyi ndi yamphamvu zedi, ndipo paja iwo ananena kale kuti vuto ndi msinkhu. Anawonjezera kuti kapinga woyamba amafunika kumudula mozama kuti adzaphuke bwino, ndipo mnyamatayu akuoneka kuti injini amaidziwa.

"Inenso ndimaona choncho, bwana," anatero a Chikaonda, magalasi ali fumbi lokhalokha.

Basi mlandu unathera pomwepo. Munthu amene watamandidwa ndi mkulu wako sungamuchotse ntchito Lolemba. Amene sanagwirizane nazo anali adona. Alendo atapita anaima pamene panali maluwa awo, atakwiya kwambiri, ndipo ndinawamvera chisoni ndithu, chifukwa maluwa aja ndiwo anali Zomba yawo yotsala. Anati amene wawononga bwaloli alikonza yekha, tsinde ndi tsinde, kuthirira dzuwa lisanatuluke, ndipo safuna kumva zoti wachedwa chifukwa kumudzi n'kutali. Anapisa m'thumba la epuloni n'kundiponyera kiyi wa kachipinda kaja. Kiyiyo anagwera m'fumbi, ine ndinamutola ndi manja awiri. Iwo ankati akundilanga.

Lachitatu lake Naphiri anabwera, amayi atamuperekeza ndi mtolo pamutu. Aka kanali koyamba amayi kuponda malowa chisamukire. Atalowa pageti anaima. Anauzindikira mtengo wa mango uja, sanafunse munthu. Anatula mtolo, anayenda pang'onopang'ono pabwalo lofiira lija, kuyambira kumpanda mpaka kukhonde, akuyang'ana pansi. Anawerama, anatapa dothi, analifikisa m'manja kufuna muzu ngakhale umodzi. Sanaupeze.

"Wamuchotsa ndani kapinga pano?"

"Ine, amayi. Ndi makina."

"Masiku angati?"

"Theka la ola."

Ndinaona maso awo akulengeza misozi. Anati zaka makumi atatu analimbana naye pamunda umenewu, bambo anga mpaka anamwalira osauona utayera chonchi. Anayang'ananso bwalo lonse mokhutira, ngati mlimi amene wamaliza kusosa mvula ili pafupi.

"Wagwira ntchito, mwanangu. Ndiye eniake akuti abzalapo chiyani?"

Ndinayang'ana chingwe changa choyezera mizere, chili pakhonde pamodzi ndi matumba atatu a mbewu imene bwana anaitanitsa dzulo lake.

"Kapinga, amayi."

Anasasa m'manja, anasenza mtolo wawo, n'kuuza Naphiri kuti tiye tikaone chipindacho, kunja kuno kulibe anthu anzeru. Mwana wathu woyamba anabadwa patatha milungu isanu ndi umodzi, kuchipatala, pabedi. Kapinga uja anagwira mvula itagwa, ndipo ndinamutchetcha zaka khumi ndi zinayi. Mukadutsa pamenepo lero mumupeza, wobiriwira bwino. Amayi ankanena zoona, chinthu chija sichifa.